Funsani Alangizi: Ng'ombe Ikukhuta, Nanga Mkaka Ukulowera Kuti?

Makalata a mwezi uno afanana ngati munachita kupangana. Dzuwa la Seputembala likayamba kuswa mtengo, msipu n'kusanduka fumbi, mafunso a nkhupakupa ndi akatemera amazilala, aliyense n'kumafunsa za chakudya. Ndasankha anayi, ndipo loyambalo ndikhalitsapo chifukwa ndilo phata la enawo.

Funso: Alangizi, ndili ndi ng'ombe imodzi yamkaka ya mtundu wosakaniza imene ndinalandira kudzera ku gulu lathu. Inabereka mu Januwale, ndipo mu Febuluwale ndinkakama malita 12 patsiku. Pano ndikungopeza malita 5, tsiku lina 4. Modyera simukhala mbee, ndimadzaza mapesi ndi nsenjere ya kudambo, ndipo mimba yake imaoneka yokhuta. Koma nthiti zayamba kuwerengeka. Kodi ndi matenda, kapena wina waichita chipongwe?
Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo

Yankho: Mayi, khazikani mtima pansi, palibe wachita chipongwe ng'ombe yanu. Poyamba tivomerezane kuti ng'ombe yobereka mu Januwale singatulutse mkaka wa mu Febuluwale pofika Seputembala. Mkaka umafika pachimake miyezi iwiri yoyambirira, kenako umanka nutsika pang'onopang'ono. Koma nthiti mwatchulazo ndi zimene zandiululira nkhani yonse. Ng'ombe yanu ikukhuta, koma ili ndi njala.

Tsiku lina mukadzapezeka pamene apha ng'ombe, mudzayang'anitsitse chifu chachikulu chija, chokhala ngati thawulo mkati mwake. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, miyandamiyanda, ndipo timeneti ndi timene timagaya udzu. Ng'ombe imangotafuna, kumeza, kubzikula, ntchito yeniyeni n'kutisiyira. Tsono tizilomboti timafuna mapuloteni, zomanga thupi zija, kuti tiswane ndi kugwira ntchito. Chakudya chikakhala ndi mapuloteni osafika 7 pa 100, timafooka. Udzu umangokhala phwii m'chifu osagayika msanga, ng'ombe imamva kukhuta, n'kuleka kudya. Mapesi ouma a chimanga ali ndi mapuloteni apakati pa 3 ndi 5 pa 100 basi. Nsenjere ya kudambo imene yatalika kupitirira munthu, yolimba ngati bango, nayo yatsikira cha komweko. Mimba yaikulu mukuionayo ndi katundu wongodikira kugayidwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa manambala ake ndi osavuta. Ng'ombe yolemera makilogalamu 400 imafuna mapuloteni okwana magalamu 350 mpaka 400 patsiku kuti thupi lingokhala m'malo mwake, osanenepa, osaonda. Pa lita iliyonse ya mkaka imafuna magalamu ena 80 mpaka 90. Chakudya chikakhala chabwino, ng'ombe yotere imatha makilogalamu 10 mpaka 12 a chakudya chouma patsiku, koma mapesi okhaokha imalekezera pa 6 kapena 7 chifukwa cha kuchedwa kugayika kuja. Makilogalamu 7 a mapesi akupatsani magalamu 280. Sakukwanira ngakhale thupi lokha. Nanga malita 5 mukukamawo akuchokera kuti? Akuchokera pamsana ndi m'matako mwa ng'ombeyo. Ikusungunula thupi lake kuti chidebe chanu chisabwerere chopanda kanthu, ndipo ng'ombe yotere imachedwanso kufuna nkhunzi, chaka n'kutha wopanda thole m'khola.

Kunyumba kwanu simungaike nsima patebulo popanda ndiwo n'kumati ana adya. Mapesi, nsenjere, mapira ndi udzu wonse ndi nsima ya ng'ombe. Ndiwo zake ndi mbewu za m'gulu la nyemba: mtedza, nandolo, khobwe, soya, nkhungudzu, ndi mitengo monga lukina ndi gilirisidiya. Masangwi a mtedza osungidwa bwino, masamba ake asanayoyoke, ali ndi mapuloteni 10 mpaka 15 pa 100. Masamba a lukina amapitirira 20. Ndipo chokondweretsa n'chakuti mukaonjezera ndiwozi, tizilombo tija timadzuka, mapesi omwe aja n'kuyamba kugayika msanga, ng'ombe n'kumadya ochuluka kuposa kale.

Yesani izi patsiku: mapesi makilogalamu 5, masangwi kapena makoko ndi masamba a nandolo makilogalamu 3, madeya makilogalamu 3, ndi masamba ouma a lukina kilogalamu imodzi. Mukaphatikiza, mapuloteni afika cha m'ma 1,100 magalamu, okwanira thupi ndi malita 7 kapena 8. Kwanu ku Thyolo ino ndi nyengo yomenya nandolo, ndiye musalole makoko awotchedwe pabwalo la anzanu, kapempheni, ngakhale kugula ndi ndowe. Mapesiwo muziwadula ndi chikwanje tizidutswa ta utali wa chala, n'kuwawaza madzi a mchere pang'ono, kapena a molasesi, madzi olimba a nzimbe otsala popanga shuga, ngati mungapeze. Mapesi athunthu ng'ombe imangobudula masamba, otsalawo n'kupondaponda. Gilirisidiya muziyamba mwamufotetsa pamthunzi tsiku limodzi, chifukwa fungo la waiwisi ng'ombe zambiri zimalikana. Chakudya chatsopano chilichonse muzichilowetsa pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu. Madzi asachoke m'khola usana ndi usiku, poti nyengo yotentha ino ng'ombe yamkaka imamwa malita 60 ngakhale kuposa. Pomaliza, itanani alangizi a ziweto a kudera kwanu aimwetse mankhwala a nyongolotsi ngati papita nthawi, kuti ndiwo mwavutikirazo zisadyedwe ndi alendo a m'matumbo.

Funso: Ndili ndi malo okwana theka la ekala amene ndikufuna kupatulira chakudya cha ng'ombe yanga yamkaka mvula ikubwerayi. Anzanga ena akuti ndidzale nsenjere yokhayokha chifukwa imachuluka. Ena akuti nsenjere ndi madzi okhaokha, bola nkhungudzu kapena kalongonda. Ndimvere ati?
Bambo wa ku Nathenje, Lilongwe

Yankho: Bambo, onsewo akunena zoona, kungoti aliyense waima mbali yake ya munda.

Nsenjere yosamalidwa, yothiridwa manyowa, imapereka matani 10 mpaka 20 pa hekitala pachaka titachotsamo madzi. Nkhungudzu ikachita bwino imapereka matani 3 mpaka 6. Pa kuchuluka palibe mpikisano. Ngakhale pa mapuloteni, matani 15 a nsenjere ya 8 pa 100 akupatsani makilogalamu 1,200, pamene matani 4 a nkhungudzu ya 17 pa 100 akupatsani makilogalamu 680. Mukawerengera munda, nsenjere yapambana. Koma ng'ombe simadya hekitala, imadya zimene zingakwane m'mimba mwake tsiku limodzi. Pa makilogalamu 100 a nsenjere yaiwisi, 80 kapena kuposerapo ndi madzi. Kuti ipeze makilogalamu 11 ouma iyenera kumeza mitolo yolemera makilogalamu 60, ndipo ikatha yonseyo mapuloteni ake amangokwanira malita 5 kapena 6. Pamenepo ndi pamene nkhungudzu imaonekera mtengo wake: pang'ono pokha, mphamvu zambiri.

Maganizo anga ndi awa. Ng'ombe imodzi imafuna matani pafupifupi 4 a chakudya chouma pachaka. Theka la ekala, ngakhale mutadzala nsenjere paliponse, lingakupatseni matani atatu mukalimbikira. Choncho malo mwapatulawo apatseni nsenjere, ndipo ndiwo zija muzipezere malo osalipira lendi: m'munda wa chimanga, m'malire, ndi kuzungulira khola.

Nsenjere dzalani mapesi ake okhwima a mfundo zitatu, mopendeketsa, mfundo ziwiri zilowe m'dothi, imodzi itsale kunja. Mizere italikirane masentimita 90, mapando 60. Muzidula ikafika mita imodzi, cha m'chiuno mpaka pachifuwa, masabata 6 mpaka 8 aliwonse nthawi ya dzinja, n'kusiya chitsa cha utali wa chikhatho. Alimi ambiri ndimawaona akuiyembekezera italike kuti mtolo ukule. Mtolo umakuladi, koma mapuloteni amakhala atathawa. Ndipo kumbukirani kuti nsenjere ndi yadyera, imayamwa chonde kwambiri. Mukadula, ndowe za m'khola zibwerere pazitsa pomwepo, kupanda kutero chaka chachitatu mudzaiona ikuonda ngati tsekera.

Nkhungudzu dzalani m'chimanga chikafika m'mawondo, patatha masabata 4 mpaka 6. Mukafulumira imayanga n'kuchiphimba. Ubwino wake ndi mizu yozama: chimanga chikauma, iyo imakhalabe yobiriwira mpaka Juni kapena Julayi, ndipo mukamadula mapesi mumadulira limodzi, nsima ndi ndiwo mtolo umodzi. Mitundu yodziwika ya ziweto ndi Rongai, ya maluwa oyera, yochedwa kucha, ndi Highworth, ya maluwa ofiirira, yofulumirako. Kalongonda naye ndi wabwino ndipo amabwezera chonde mochititsa chidwi, koma ndi wolemera, amagwetsa chimanga, ndiye amayenera pa malo ogoneka. Musamusokoneze ndi m'bale wake chitedze cha kutchire choyabwa chija.

M'malire dzalani mitengo mothinana ngati mpanda, muziidulira cha m'chiuno. Ku Kenya, kumene alimi a ng'ombe zamkaka anazolowera mtengo wa calliandra, akatswiri a bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda la ICRAF anapeza kuti makilogalamu 3 a masamba aiwisi amalowa m'malo mwa kilogalamu imodzi ya dairy mash, chakudya chogula cha ng'ombe zamkaka, ndipo mitengo 500 imakwanira ng'ombe imodzi chaka chonse. Musachite mantha ndi 500, paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Yambani ndi 100 chaka chino. Ngati ndi lukina, asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsiku, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa chiweto.

Mu Febuluwale nsenjere idzakukanikani kuimaliza. Musaisiye ikalambe. Kumbani dzenje pamalo okwera, yalani pulasitiki, dulani nsenjereyo muifotetse tsiku limodzi, muiduledule tizidutswa ting'onoting'ono, muzithira m'dzenjemo mosanjikiza uku mukuwaza molasesi wosungunula kapena madeya, ana akupondaponda mpaka mpweya wonse utuluke. Tsekani ndi pulasitiki, dothi pamwamba. Pakatha masabata 6 chakudya chimenechi, chotchedwa saileji, chapsa, ndipo saileji akhoza kudikira mpaka Okutobala bola mpweya ndi madzi zisalowe. Wabwino amanunkhira ngati thobwa losasa pang'ono. Wakuda, woterera, wonunkha zoola, kamutayeni kumanyowa.

Funso: Agogo alangizi, mvula itawaza pang'ono mapira athu a m'munda anaphukiranso pazitsa. Tinalowetsamo mbuzi, ndipo ziwiri zinayamba kupuma mofulumira, kunjenjemera, n'kugwa. Sipanathe ola limodzi zafa. Magazi ake anali ofiira kwambiri. Kodi mapira amapha? Nanga tileke kudyetsa?
Mnyamata wa ku Ngabu, Chikwawa

Yankho: Pepa kwambiri mwana wanga, mbuzi ziwiri ndi fizi ya sukulu imeneyo. Zimene wafotokozazi ndi zizindikiro za poizoni wa m'mapira anthete. Ndi poizoni wa mtundu womwe uja umapezeka m'chinangwa chowawa, umene anthu a kunyanja amachotsa poviika chinangwa asanasinje ufa wa kondowole. M'mapira amachuluka mbewu ikakhala yaifupi, makamaka mphukira za pazitsa, ndiponso mapira amene anafota ndi ng'amba kenako n'kutsitsimuka ndi mvula. Poizoniyu amaletsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya wa m'magazi, n'chifukwa chake magazi amafiira chotero, ndipo chiweto chimafa msanga mlangizi asanafike n'komwe.

Usaleke kudyetsa mapira. Ku Chigwa cha Shire kumene mvula imavuta, mapira ndi mchewere amapirira kuposa chimanga, ndipo mapesi a mapira amakhala ndi mtundu wobiriwira nthawi yaitali. Kungoti lamulo lake ndi ili: chiweto chisalowe m'mapira osafika masentimita 60, bola afike m'chiuno. Mvula ikagwa pambuyo pa ng'amba, dikira masabata awiri. Mphukira za pazitsa uzizitchinjiriza, kapena uzidule n'kuziumitsa bwinobwino, chifukwa poizoni wambiri amauluka zikamauma. Ndipo chiweto chanjala usachithamangitsire m'munda wotere m'mawa, chiyambe chadya udzu wouma. Makoko ndi masamba a chinangwa chowawa nawonso aziyamba aumitsidwa. Kwanuko mulinso chuma chimene ena alibe: nyemba za msangu zimene zimayoyoka nyengo ino. Tola, usunge m'matumba, uzipatsa mbuzi madzulo pamodzi ndi mapesi a mapira.

Funso: Alangizi a mbewu akutiuza kuti mapesi ndi masangwi tiziphimbira m'munda kuti nthaka isunge chinyezi. Alangizi a ziweto akuti tizitutira kukhola. Munda ndi umodzi, ng'ombe zangolo zilipo ziwiri ndi mbuzi zisanu. Komanso chaka chatha ndinaunjika masangwi pansi pa mtengo wa mango, pofika Ogasiti anali atada ndipo ziweto zinawakana. Ndichite bwanji?
Bambo wa ku Mkanda, Mchinji

Yankho: Bambo, funso lanu limandifika pamtima chifukwa mkangano umenewu ndi weniweni, ndipo alangizife nthawi zina timakusiyani pakati ngati mwana wa makolo osagwirizana. Nthaka ikufuna chofunda, ng'ombe ikufuna chakudya, ndipo zonse ndi zanu.

Ine ndimagawa chonchi. Phesi la chimanga silofanana kuyambira kunsonga mpaka kutsinde. Masamba, makoko ndi kumtunda kwa chitsononkho ndiko kofewa, kogayika. Kutsinde n'kolimba, ng'ombe imakusiya m'modyera. Ndiye pokolola dulani phesi pakati: kumtunda kupite kukhola, kumunsi kugone m'munda. Mukatero munda wapeza chophimbira chochedwa kuola, khola lapeza gawo lokoma. Ndipo mukadula msanga, chimanga chikangokhwima n'kuimika mikukwe, mapesi amasunga mtundu wobiriwirako ndi chakudya chochuluka kuposa amene aima m'munda mpaka Julayi akuwombedwa ndi dzuwa ndi mphepo.

Koma masangwi a mtedza, khobwe ndi soya, amenewo ndikunenetsa, apite kukhola. Kuphimbira nawo munda n'kuwononga, chifukwa amafumbutuka msanga, chiswe n'kumaliza mvula isanagwe, pamene m'mimba mwa ng'ombe yangolo ndi amene angaifikitse mu Novembala ili ndi mphamvu zokokera. Nthaka sikuti mwaimana: mizu ya mbewuzi, ya timibulu tija timene timakola chonde kuchokera mumpweya, imatsala momwemo, ndipo zotsalazo zimabwerera ngati ndowe. Ngongole yanu kumunda ndi kututa manyowa a m'khola chaka chilichonse osaphonya.

Za kuda kwa masangwi, nanenso zinandionekera. Chaka china ndinakumba mtedza wanga bwinobwino, ndinathothola, masangwi n'kuwaunjika pansi kuseri kwa khola, ndikuti ndidzamanga thandala sabata yamawa. Kunabwera chiperoni cha masiku anayi. Nditapita kukafukula muluwo, mkati munali motentha ngati mwasonkhedwa moto, masamba atamatana, akuda, ena atachita nkhungu yoyera, fungo la chuku likubaya m'mphuno. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa ndinkadziwa kuti ndataya mkaka wa miyezi iwiri. Ng'ombe zanu zinachita bwino kukana. Chuku cha m'timtedza totsalira m'masangwi ndi m'madeya onyowa chimawononga chiwindi cha chiweto, ndipo kwa ng'ombe yokamwa poizoni wake amadutsa mpaka mumkaka umene ana akumwa. Chakudya chochita nkhungu musachipatse chiweto chilichonse, ngakhale njala itavuta chotani.

Chuma cha masangwi chili m'masamba, osati m'timitengo. Mukakumba mtedza, uumitseni usanathotholedwe m'milu yotukula ija alangizi amaitcha Mandela cock, mtedza kuloza mkati, mpweya ukudutsa pakati. Mukathothola, tutani masangwi m'mamawa mame asanakamuke, chifukwa masana masamba amakhala ophwanyika ndipo amayoyokera m'njira, ngolo n'kufika pakhomo ndi timitengo tokhatokha. Mangani thandala lofika m'chiuno, lofolera ndi udzu, phulusa m'munsi mwa mizati kuti chiswe chisakwere. Masangwi osungidwa bwino mukawafukula mu Okutobala amakhala obiriwirabe mkati, onunkhira, ndipo mbuzi zimawamva zili kutali. Musawayambe mu Juni msipu ukadalipo. Asungireni Seputembala mpaka Novembala, makilogalamu awiri kapena atatu pa ng'ombe patsiku, manja awiri odzaza pa mbuzi.

Chotsala ndi moto. Mungagawe mapesi mwanzeru zonse, koma anyamata osaka mbewa akangoyatsa, nthaka ndi khola zonse zagona ndi njala. Nkhani imeneyi siya munthu mmodzi, ipititseni kwa amfumu kuti mudzi upangane za moto ndiponso za tsiku lomasulira ziweto m'minda, chifukwa nkhungudzu kapena nandolo wanu wochedwa kucha sangapulumuke ng'ombe za mudzi wonse zikamasulidwa mu Meyi. Ngati chaka chino masangwi anu anapita kale, yendani kwa anzanu opanda ziweto amene milu yawo ikadali youma, musinthane ndi ngolo ya manyowa kapena ulendo umodzi wa ngolo. Mizati ya thandala yambani kudula mu Malichi, mtedza usanakhwime.